Ikangolira Injini, Ndikwera Ndege

Akazi anzanga amalira kuti mwamuna wawo watengedwa ndi mkazi wina. Ine amene anandilanda mwamuna inali galimoto, ndipo galimoto yake yosayenda n'komwe.

Ndine Rabia, kwathu ndi ku Namwera. Chaka cha 2015 chinandipeza ndili ku Doha, ndikuyala mabedi pa hotela ina, kogona kwanga kuli ku Al Nasr m'fulati imodzi ndi atsikana anzanga asanu. Hashimu ndinakumana naye zaka zitatu m'mbuyomo, tsiku limene basi yathu ya kuntchito inafera pamsewu ku Al Sadd. Kunatulukira mwamuna wamtali, anaimitsa galimoto ya abwana ake, n'kulowetsa mutu mu injini ya basi ija osapemphedwa ndi munthu. Atapsa chala anatukwana m'Chiyao. Ine ndinaseka, iye anadzutsa mutu, ndipo mavuto anga anayambira pomwepo.

Hashimu anali dalaivala wa a Baba Jasimu, mkulu wina wa konko amene ankakhala ku Al Khulaifat. Kuseri kwa nyumba yawo kunali garaja, ndipo m'garajamo ndi mmene munkagona mkazi mnzangayo. Inali galimoto ya ku America ya m'ma 1930, ya zitseko ziwiri, denga analidula n'kulitsitsa mpaka mawindo anatsala ngati maso a munthu watulo. Matayala akumbuyo anali aakulu, akutsogolo owonda, injini ili pamtetete popanda chivindikiro. Anaigula mwana wamwamuna wa a Baba, mmodzi yekhayo, koma anamwalira asanaimalize. Kuyambira pamenepo panadutsa zaka khumi ndi chimodzi ikukonzedwabe. Ankaitchula kuti Hajiya, monga amatchulira amayi achikulire olemekezeka kumeneko.

Lachisanu lililonse, swala ya Juma ikatha, amuna anayi ankasonkhana m'garajamo: a Baba pampando wawo ndi kapu ya tiyi, Mfilipino wina wowotcherera zitsulo, Mmwenye wa zamagetsi, ndi Hashimu wanga ali chagada pansi pa galimoto. Palibe amene anawatuma. Ankangoikonda basi, chikondi chija chosamva kamunthu. Tsoka lake, Lachisanu lomwelo ndilo linali tsiku langa lokhalo lopuma.

Masiku amenewo wantchito sankatuluka m'dziko muja popanda abwana ake kusayinira chilolezo chotulukira, chimene tonse tinkangoti exit permit. A Baba analonjeza Hashimu kuti Hajiya akadzangolira, adzasayina. Ukwati wanga unamangiriridwa ku lonjezo limenelo.

*

A mjomba anga, a Bakali, anaimba m'mawa wina ndikupesa tsitsi kuti ndizipita kuntchito. Bambo anga anamwalira kalekale, choncho mawu a a mjomba ndiwo anali lamulo pa ine.

"Rabia, kontirakiti yako akuti yatha. Ukwera liti?"

"Pa 31 Meyi, a mjomba."

"Nanga mwamuna wako wa pafoni uja?"

"Akuyesetsa."

"Akuyesetsa." Anatafuna mawuwo ngati nyama yolimba. "Mwana wanga, ine si mwana. Kawiri konse ndaitana anthu kuti timange ndowa yako, ukwati wa pamaso pa shehe. Shehe anasiya ulendo wake, mayi ako anapuntha mpunga mpaka manja kutupa, mkamwini osaoneka. Pamsika pano sindikuyendanso bwino, anthu akumandifunsa ngati mwamunayo alipodi."

"Alipo, a mjomba."

"Ndiye ndikamuone pa Chileka. Ukatsika ndege ndikaone anthu awiri. Ukatsika wekha, usadzatchulenso dzina lake pakhomo pano. Abale a Ajibu abwera kale kawiri kudzafunsira mbeta, ndipo ndawauza kuti adikire mpaka tsiku limenelo. Sindingawasungenso kupitirira apo."

Ajibu anali wa m'mudzi mwathu, ndipo naye anali ku Doha komweko, mlonda pa sitolo ina yaikulu. Foni itaduka ndinakhala pabedi chipeso chili m'manja. Basi ya kuntchito inaimba hutala katatu pansi ndisanakumbuke kuti ndili ndi miyendo.

*

Hashimu ndinakumana naye Lachiwiri masana pa kalesitilanti ka Amwenye kufupi ndi fulati yathu. Anali atasiya akazi a a Baba kogula zinthu, ndiye anali ndi mphindi zochepa. Anafika akumwetulira, zikhadabo zili bii ndi oyilo amene sopo analephera kalekale.

"Rabia, kabureta yafika," anayamba choncho, moni n'komwe ayi. "Six weeks ndikuidikira kuchokera ku America. Ukanaiona mmene ikuwalira."

"A mjomba anaimba."

Kumwetulira kuja kunazima. Ndinamufotokozera zonse, za Chileka, za Ajibu, osasiyako kanthu. Anamvetsera akuzunguza kapu ya tiyi patebulo.

"Masabata atatu ndi ambiri," anatero. "Wallahi, chatsala n'chochepa. Ndikamanga kabureta, timing ndikaikonza, basi. Baba akuti ikangolira injini, khalas, nkhani yatha, asayina pompo, tikiti agula okha. Tikwera ndege imodzi."

"Chaka chatha munati chatsala ndi giyabokosi. Disembala munati mawaya."

"Mawaya aja anali olakwika, Rabia. Akanapsa."

"Bwanji osangowapempha? Kuwauza kuti Baba, ndikukakwatira, ndibweranso?"

"Ndinawapempha. Akuopa. Dalaivala amene analipo ine ndisanabwere anapita ku leave osabwerera, galimoto inakhala zaka ziwiri osaigwira munthu. Si munthu woipa. Galimoto ija ndi mwana wawo amene watsala." Anaweramira pafupi. "Koma tamvera. Achimwene anga a Abudu akhoza kundiimira kwa shehe. Chipembedzo chimalola."

"Chipembedzo chimalola, a mjomba salola. Akuti iwo sapereka mwana kwa foni."

Kenako ndinafunsa funso limene linkandidya kwa chaka chathunthu.

"A Hashimu, inuyo mumafuna kuti galimoto imeneyi ithe?"

Anachedwa kuyankha. Sanachedwe kwambiri, mwina kupuma kawiri, koma mkazi amene akudikira amamva ngakhale kuchedwa kochepa chotero.

"Funso lanji limenelo? Ndikufuna iwe."

"Sindinafunse za ine."

Foni yake inalira, akazi a a Baba anali atamaliza kugula. Anaimirira, anandigwira dzanja pang'ono pansi pa tebulo poti kumeneko sagwirana poyera, n'kuthamangira kugalimoto. Tiyi wake anamusiya wosamwa.

*

Ajibu anabwera Loweruka lotsatira. Anaima pansi pa fulati atanyamula katoni yaikulu yopanda kanthu ndi chingwe chatsopano. Zainabu, mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, ndiye anandikokera pansi kuti ndikamulonjere.

"Ndamva tili flight imodzi," anatero Ajibu, maso ali pansi. "Ndati mwina mukufuna katoni ya cargo. Ine katundu wanga ndi wochepa, wina mukhoza kuika mbali yanga."

"Zikomo, a Ajibu. Koma ndili ndi wondithandiza."

"Ndikudziwa. Ndinamuona dzana ku Industrial Area, dzuwa lili paliwombo, akusakasaka mabawuti m'mulu wa zitsulo. Atawapeza anasangalala ngati wabadwitsa mwana." Anamwetulira pang'ono. "Ine sindikukukakamizani, Rabia. Abale anga anapita kwanu, inde. Koma ine exit permit yanga ili m'thumba, ndipo sindibwereranso kuno. Ndikukakhala kumudzi. Ndangoti mudziwe kuti ndilipo."

Chimene chinandipweteka n'chakuti sananame paliponse. Akanakhala wamwano kapena wonyada ndikanamutukwana n'kupeza mpumulo. Koma Ajibu anali munthu wabwinobwino, wosasiya swala, wosakweza mawu, mtundu wa mwamuna amene mayi aliyense amapempherera mwana wake. Vuto lake linali limodzi lokha, lakuti ndikamuona mtima wanga sunkasuntha ngakhale pang'ono.

Titakwera m'mwamba Zainabu anaponya katoni ija pakona n'kugwira m'chiuno.

"Iwe, uli ndi zaka twente naini. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo."

"Ajibu sindimukonda."

"Nanga Hashimu amakonda iwe? Three years, Lachisanu lingati limene anakhala nawe tsiku lonse? Werenga. Ine mkazi mnzanga wa miyendo iwiri ndikhoza kulimbana naye. Koma wa matayala folo? Sakalamba kuposa mmene alili, sayankha mwano, sapempha ukwati. Ungamupose bwanji?"

Ndinalowa m'bafa n'kutsegula mpopi kuti anzanga asandimve ndikulira.

*

Masabata awiri otsatirawo tinkalankhulana pa mauthenga. Ine ndinkalemba kuti, "Kwatsala masiku khumi ndi awiri." Iye ankanditumizira chithunzi cha kabureta itamangidwa. Ndinkalemba kuti, "A mjomba aimbanso." Iye ankayankha kuti, "Usadandaule, spark ikubwera bwino." Tsiku lina ndinamulembera kuti ndalota tili pa Chileka, mayi anga akululutira. Patapita maola atatu anayankha kuti, "Inshallah. Pepa ndinali pansi pa galimoto."

Kunena zoona, ankagwira ntchito ngati wamisala. Ankadzuka kusanache kuti akonze kaye galimoto dzuwa lisanayambe kuwotcha, n'kukayendetsa abwana, n'kubwereranso m'garaja. Anawonda. Ndinkati ndikaganiza zimenezi ndinkadzitsutsa ndekha kuti munthu amene akudzipha chonchi chifukwa cha ine ndikumukayikira bwanji.

Lachinayi, kutatsala masiku atatu, analemba kuti: "Mawa ubwere. Ilira mawa. Ndikufuna udzaone wekha."

*

Ndinafika ku Al Khulaifat pa takisi Lachisanu cha m'ma folo koloko, nditavala abaya yanga yabwino. Kunkatentha moti mpweya unkawotcha m'mphuno. Aka kanali koyamba kumuona Hajiya ndi maso anga, ndipo ndivomereze, anali wokongola. Analibe ngakhale penti yeniyeni, anali wotuwa ngati phulusa, koma anakhala pansi mwaulemu wake, chitsulo chilichonse chili mbee. Ndinamuda nthawi yomweyo.

A Baba Jasimu anali nkhalamba yaifupi ya ndevu zoyera. Anandilandira bwino, anandiikira mpando pafupi ndi fani, n'kundiuza m'Chingerezi chawo chothyokathyoka kuti Hashimu ali ndi manja a golide. Mfilipino ndi Mmwenye uja anandipatsa moni ngati akundidziwa kalekale.

Hashimu analowa m'galimoto, anati bismillah, n'kupotokola kiyi. Injini inatsokomola n'kuzima. Anapotokolanso, inatsokomola kawiri, kunatuluka utsi wakuda. Mmwenye uja anagwira kawaya kena, n'kugwedeza mutu kuti ayesenso. Kachitatu inalira.

Sindinamvepo phokoso ngati limenelo. Malata a garaja ananjenjemera, makapu a tiyi anavina pathireyi, ndipo ndinalimva m'chifuwa mwanga ngati ng'oma. Mfilipino uja anaponya chipewa m'mwamba. A Baba anaimirira, anayenda pang'onopang'ono mpaka pagalimoto, anaika dzanja padenga, n'kuyamba kutchula dzina la mwana wawo. Misozi inkatsikira m'ndevu ndipo sanaibise.

Kenako anatembenuka n'kukuwa kuti amveke pamwamba pa phokosolo.

"Hashim, khalas. Yalla, pita ukakwatire. Lero lomwe ndisayina."

Ndinagwira pakamwa. Kwa nthawi yoyamba m'zaka zitatu ndinaona msewu wa ku Namwera uli poyera. Ndinaona nkhope ya a mjomba pa Chileka, ndinamva nthungululu za mayi anga. Ndinayang'ana Hashimu kuti tisekere limodzi.

Hashimu sankaseka. Anali atatuluka m'galimoto, ataima pambali pa injini, mutu ataupendeketsa. Anatola sikuludiraiva yaitali, nsonga yake anaigunditsa pachitsulo cha injini cha m'munsi, chogwirira chake anachiika pakhutu, n'kutsinzina. Anasuntha nsonga ija pang'ono, n'kumveranso. Atatsegula maso anayang'ana ine.

Sindidziwa kanthu za injini, koma nkhope imeneyo ndinaiwerenga. Ndinapukusa mutu pang'ono, kumupempha ndi maso. Palibe wina amene anamva chimene iye anamva. Mfilipino ankavina, Mmwenye ankajambula pafoni.

A Baba anaona sikuludiraiva ija. "Fi mushkila?" anafunsa, kutanthauza kuti pali vuto kodi.

Ankangofunika kunena mawu awiri, akuti palibe vuto, mawu amene wantchito aliyense ku Doha amawanena kakhumi patsiku ngakhale zinthu zitavuta chotani. Hashimu analowetsa dzanja pawindo n'kuzimitsa injini. M'garaja munagwa bata.

"Ikugogoda pansi, Baba," anatero. "Pang'ono kwambiri, koma ikugogoda. Ndi beringi. Mukaiyendetsa chonchi, sabata siitha, iswa injini yonse. Ndipo injini iyi ndi yomwe anagula mwana wanu, ina ngati iyi simungaipezenso."

"Ndiye titani?"

"Tiitsitse, tiitsegule. Zitsulo tiitanitse ku America."

"Nthawi yaitali bwanji?"

"Six weeks. Mwina eight."

Ndinayang'ana amuna anayi aja. Ndinkayembekezera kuona nkhope zakugwa, koma ayi. Mfilipino anali atayamba kale kuyang'ana unyolo wokwezera injini umene unkalendewera kudenga. Mmwenye ankapinda manja a malaya. Pamenepo ndi pamene ndinazindikira kuti anthu awa sankaopa kuti galimoto iwonongeka, ankaopa kuti idzatha.

Ndinaimirira. "Baba, munalonjeza. Injini yalira."

Nkhalamba ija inandiyang'ana nthawi yaitali, kenako inagwedeza mutu.

"Zoona, mwana wanga. Ndinalonjeza, ndipo yalira. Mawu anga sindibweza." Anatembenukira kwa Hashimu. "Pita. Ndisayina. Injini ndipeza makaniko wina ku Industrial Area adzaitsegule."

Ndinapuma. Khomo linali lotsegukabe, ndipo amene analitsegula anali mwini wake weniweni.

"Ayi, Baba," anatero Hashimu msangamsanga, asanaganize n'komwe. "Asaigwire munthu wina. Aja amamenya ndi hamala."

Atamaliza kunena ndi pamene anadzimva. Anatembenuka kundiyang'ana, pakamwa pali yasa. Ine ndinatola chikwama changa, ndinathokoza a Baba chifukwa cha tiyi, n'kutuluka.

*

Anandipeza pageti ndikuyang'ana takisi mumsewu wopanda munthu.

"Rabia, ima kaye. Sindimatanthauza choncho."

"Mumatanthauza chiyani?"

"Six weeks yokha. Ndiwaimbira a mjomba ndekha, ndiwagwadira pafoni. Zaka zinayi ndakhala pansi pa galimoto ija, bawuti iliyonse ndikuidziwa. Munthu wina akaitsegula molakwika, zonse zija zapita m'madzi. Baba akhoza kufa nazo."

"A Baba akuuzani kuti mupite."

"Anena chifukwa cha ulemu. Mumtima sakufuna."

"A Hashimu, musawanamizire a Baba. Amene sakufuna ndinu."

Sanatsutse. Anaima pomwepo, sikuludiraiva ija idakali m'manja, thukuta likutsika m'khosi. Ndinkamukonda munthu ameneyu, ndipo ngakhale nthawi imeneyo ndinkamukondabe, mpaka ndinadzida ndekha. Ndinadziwanso kuti sananame ponena kuti amandifuna. Ankandifuna ndithu, kungoti ine ndinali woti ndikhoza kudikira.

Ndinatulutsa foni n'kuimba kwathu iye akuona. Ndinaimba pang'onopang'ono, nambala imodziimodzi, kumupatsa mpata. Ndinkafuna andilande foniyo, aiponye pansi, athamangire kwa a Baba kukatenga pasipoti yake. Inaitana kamodzi, kawiri, katatu.

"Rabia," anayankha a mjomba. "Pali nkhani?"

"Ndibwera ndekha, a mjomba."

A mjomba sananyoze, sananene kuti ndinakuuza. Anangopuma mozama.

"Pepa, mwana wanga. Ndiye abale a Ajibu aja ndiwayankhe?"

Ndinayang'ana Hashimu. Maso ake anali ofiira, milomo ikugwedezeka ngati akufuna kunena kanthu. Ndinadikira. M'garaja muja unyolo unayamba kulira, wina akuukoka, ndipo Hashimu anacheuka. Anangocheuka kamodzi kokha, mwachizolowezi, n'kubweza maso kwa ine msanga.

"Ayankheni," ndinatero.

"Chabwino. Ramadani yayandikira, sitingachedwe. Ndikauza shehe lero lomwe. Ukafika Lolemba, Lachisanu lake timanga ndowa yako ndi Ajibu."